Za mileme ija ya ku Chikwawa, tabwerako

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kukagona ndi ana pa kampu ina kufupi ndi Lengwe, poti ndinamva zoti kudenga la bafa kuli mileme. Tabwerako, ndipo mileme iliko ndithu.

Dzuwa likangolowa imatuluka pakampata ka pansi pa malata, umodziumodzi, n'kumazungulira getsi kusaka tizilombo. Sinakhudze munthu. Chotopetsa ndi fungo la zitosi zake, ndiye muphatikize kutentha kwa kuchigwa mu Okutobala, eee, kusamba kwake kunali kothamanga. Mlonda anatiuza kuti ikuluikulu yobwera pamlambe usiku imatsata maluwa, ndipo ndi imene imathandiza kuti mtengowo ubereke malambe.

Tsiku lachiwiri umodzi unagwa pansi. Mwana wanga wamng'ono anati autole, ndinamukalipira, pajatu mileme ina imakhala ndi chiwewe. Mlonda anauchotsa ndi fosholo.

Amene anatisowetsa mtendere ndi anyani. Ndinasiya buledi patebulo kuti ndikatunge madzi, pobwera ndinapeza pepala lokhalokha, mwini wake ali phee panthambi, akutafuna akundiyang'ana.

Nyala tinaziona m'mamawa zikumwa padziwe. Inu amene munati ndisaiwale neti, zikomo kwambiri, udzudzu wakumeneko unayamba kulira tisanadye n'komwe.