Apongozi akufika Lachinayi, ndiwagoneke pati ku Fordsburg?

Mkamwini wa ku Pretoria: Abale ndithandizeni msanga. Apongozi anga aakazi akukwera basi mawa pa Wenela, akuti afika Lachinayi. Akubwera kudzaoda makatani ndi nsalu ku Oriental Plaza, msika waukulu wa masitolo ku Fordsburg mu Joni, ndi ulendo wawo woyamba kuno. Ine ndimagona kachipinda ka kuseri kwa bwana, bedi ndi sitovu zimayang'anizana, ndiye ndi apongozi mukudziwa nokha. Ndikufuna hotela kapena loji ku Fordsburg masiku atatu. Osati ya mabwana, komanso osati koti nsikidzi zikawanyamule usiku. Ndingakwanitse R700 mpaka R800 pa usiku. Ndi Asilamu, nchifukwa chake ndasankha kumeneko kuti za halal zisawavute.

Dalaivala: Lachinayi lakelo wakuuza ndani? Basi ya ku Blantyre ilibe tsiku aise. Mwanza, Zobue, Nyamapanda, kenako Beitbridge. Ife mu December tinakhala pa Beitbridge maola 14, anthu mpaka anayanika zovala pa mpanda.

Mkamwini wa ku Pretoria: Za basi ndikuzidziwa achimwene, ndikufunsa pogona.

Dalaivala: Ndi nkhani imodzi yomweyo. Ukalipiriratu Lachinayi iwo n'kufika Lachisanu m'bandakucha, ndalama ya usiku umodzi wadyetsa agalu.

Mnyamata wa Ndirande: Kkkkk R800 pa usiku kugoneka apongozi! Man mwalemera. Ine anga ndinawagoneka pa makatoni ku Park Station kofikira mabasi ndipo ukwati ulipobe.

Mayi wa Geni: Ukwati ulipo chifukwa mkaziyo ndi wopirira, osati iwe.

Mdala wa ku Mayfair: Ana inu mumangoti Fordsburg Fordsburg osadziwa pomwe mukuponda. Dera limenelo linayamba mu 1888, golide atangopezeka kumene. Pa Square pomwe mumadyera nkhuku paja, mu 1922 boma la Smuts linaphulitsapo mizinga pothana ndi azungu a m'migodi omwe ankanyanyala ntchito. Ndipo Plaza yomwe apongozi akowo akupita sinamangidwe mwachikondi ayi. Amwenye anali ndi masitolo awo ku Fietas, mu 14th Street, boma la tsankho linawasamutsa mokakamiza m'zaka za m'ma 1970 n'kuwaunjika mmenemo. Chakudya chonse mukuchitamachi chinatsatira anthu amenewo, kenako kunabwera a ku Pakistan, a ku Bangladesh, Asomali kuno ku Mayfair kwathu.

Mnyamata wa Ndirande: Munthu wafunsa bedi, mdala mwamupatsa mayeso a Fomu 4.

Mdala wa ku Mayfair: Ndinabwera kuno iwe ukadali kumbuyo kwa mayi ako. Khala chete.

Watsopano: Moni nonse, ndangofika kumene, ndikusaka ntchito ya m'nyumba kapena ya m'munda. Aliyense wodziwa andiimbire chonde.

Admin: Mlongo, mwalowa dzulo lomweli, werengani kaye malamulo ali pamwambawo. Za ntchito ndi Lolemba. Ndipo musamaponye nambala pagulu, muno si onse abale anu.

Sisi Woyala Mabedi: Achimwene a ku Pretoria, ine ndimagwira m'hotela chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndimvereni. Zithunzi za pa intaneti musazikhulupirire, timajambula chipinda chimodzi chabwinocho n'kumagulitsira zonse. Muli ndi tsiku la mawa, pemphani kwa bwana theka la tsiku mupite nokha. Mukalowa m'chipinda musayambe ndi TV. Vundukulani nsalu ya pabedi ku mutu, muyang'ane mu msoko wa matiresi. Mukaona timadontho takuda ngati tsabola wopera, tulukani osatsanzika. Kenako kubafa: tsegulani mpopi wa madzi otentha mudikire afikedi, gwetsani madzi m'chimbudzi. Mufunse ngati ali ndi thanki, chifukwa Joni masiku ano madzi amatha kusowa masiku angapo, ndipo mayi woswali kasanu pa tsiku opanda madzi simungamuuze za wifi. Ndalama mwatchulayo ndi yapakati ndithu, chipinda chokhala ndi bafa lakelake chipezeka mukayenda ndi miyendo.

Mayi wa Geni: Zoona zokhazokha. Ndiwonjezere za masitepe. Nyumba zambiri kumeneko pansi ndi masitolo, zipinda zili pamwamba. Ine ndinakwezapo mabelo awiri a makatani mpaka nsanja yachitatu, chikepe chinali chakufa, mnyamata wondithandiza anandidula R50 belo limodzi. Funsani ngati ali ndi posungira katundu pansi potseka ndi kiyi.

Mphunzitsi Wakale: Koma abale mwamva kuti mahotela onse pano akumatumiza mapasipoti a alendo ku Home Affairs usiku womwewo? Mnzanga wa ku tchalitchi akuti mlamu wake anamutengera pa bedi penipeni mpaka ku Lindela, kosungira anthu oti abwezedwe kwawo.

Dalaivala: Nanenso ndinamva.

Sisi Woyala Mabedi: Aphunzitsi, mlamu wa mnzanu wa ku tchalitchi ameneyo chaka chatha munati anamugwirira mu taxi. Pa risepushoni timalemba dzina m'kaundula ndi kujambula pasipoti, ndi chizolowezi kwa mlendo aliyense, ngakhale mzungu wa ku Germany. Mayiwa akulowa ndi chidindo cha pa boda, Amalawi amatipatsa mpaka masiku 30, iwo akukhala atatu. Aopenji? Chachikulu asasiye pasipoti yeniyeniyo pa kauntala. Ajambule, abweze.

Mphunzitsi Wakale: Ine ndangochenjeza. Zikachitika musadzati sindinanene.

Mnyamata wa Ndirande: Inu mukukamba za mipopi, nkhani ku Fordsburg ndi m'mimba. Loweruka madzulo ukangokhota kulowa Mint Road utsi umakulandira wokha. Nkhuku ya tikka yofiira psuu ili ndandanda pa makala, wina akuponya buledi wopyapyala uja m'ng'anjo yadothi, apa samusa, apo biryani, uko makina akufinya nzimbe akuthiramo ndimu ndi jinja. Ine ndimayamba ndi kuzungulira kawiri kununkhiza kaye ndisanatulutse ndalama.

Mayi wa Geni: Nzimbe zofinya ndi makina ndi ulesi. Nzimbe umasenda ndi mano, madzi akuyenderera m'chigongono. Ndakumbuka za ku Nchalo ine, mayo.

Dalaivala: Musayambe. Ine chiwaya cha pa Lunzu chokha, tchipisi cha mafuta ambiri ndi kabichi pamwamba, ndingapereke tikka yense wa mu Mint Road.

Mwana wa ku Nyanja: Usipa wofutsa ndi nsima ya kondowole 😭 Chaka chachinayi chino.

Admin: Tabwererani ku funso abale, munthu ali pa moto.

Mdala wa ku Mayfair: Mfundo ndi yomwe wanena mwana wopanda ulemuyu osadziwa kuti wanena mfundo. Pomwe pali chakudya chokoma ndi pomwe pali phokoso. Lachisanu ndi Loweruka usiku mu Mint Road ndi mozungulira Square magalimoto amachita kugundana mabampala, mahutala, nyimbo, anthu mpaka usiku kwambiri. Mayi wotsika basi ya tsiku ndi theka ukamugoneka pa windo loyang'ana msewu umenewo adzakudandaula mpaka kumudzi. Fufuza msewu umodzi kapena iwiri kuchoka pamenepo, kapena chipinda cha kumbuyo. Kudya ayende mphindi zisanu, kugona agone.

Sisi Woyala Mabedi: Koma asatalikirenso kwambiri mdala. Misewu ya kumbali ija masitolo akatseka imakhala zii, mayi yekha ndi chikwama sangayendemo usiku.

Mdala wa ku Mayfair: Ndati umodzi kapena iwiri, sindinati ku Langlaagte.

Zipinda Zotchipa: Bro ndili ndi chipinda chabwino pafupi ndi Plaza, R350 basi, tumiza dipoziti ya masiku awiri pa foni ndikusungire. Anthu akulimbirana.

Mayi wa Geni: Ameneyu ndi ndani? Admin!

Admin: Ndamuchotsa. Amene anamulowetsa andipeze kumbali. Ndanena kambirimbiri, chipinda chomwe sunalowemo ndi phazi lako usatumizire ndalama. Ukalipira pa kauntala utenge lisiti lolemba masiku ake.

Mwana wa ku Nyanja: Ine anandidya R600 chaka chatha mwa njira yomweyi. Nditafika pa adiresiyo ndinapeza ndi sitolo ya matayala.

Mnyamata wa Ndirande: Ukanagona m'tayala momwemo, unali utalipira kale kkkk

Mkamwini wa ku Pretoria: Zikomo nonse, ndikulemba. Nanga chakudya cha m'mawa? Ena akuti ndi kadzutsa mtengo ukwera.

Mayi wa Geni: Usalipire. Kadzutsa wa m'hotela ndi tositi iwiri ndi dzira lozizira. Panja pomwepo apeza tiyi wa masala ndi samusa zotentha pa ndalama yochepa. Koma uwachenjeze za tsabola, akafunsidwa anene kuti pang'ono. Pang'ono wa Amwenye ndi wambiri wa kwathu. Tsiku lachiwiri adzafuna nsima, ndikulumbira, ndiye udziwiretu pogulitsa papa, nsima ya kuno.

Dalaivala: Bwererani ku mfundo yanga ija mwaitaya. Funsa ngati pa risepushoni pamakhala munthu usiku wonse. Maloji ang'onoang'ono ena geti amakhoma, mlonda n'kugona. Basi ikalowa 3 koloko m'mawa uyima nawo panja apongozi ndi zikwama? Komanso ambiri chipinda amapereka 2 koloko masana, ukafika m'mawa amafuna ina yapadera. Gwirizana nawo kuti tsiku loyamba likhoza kusuntha, alembe pa WhatsApp ukhale ndi umboni. Ndipo potuluka mu siteshoni usalole anyamata othamangira zikwama aja, itanitsa Uber kapena Bolt uli mkati, si patali.

Mphunzitsi Wakale: Akuti Plaza anaigula Matchaina, pano zonse ndi za ku msika wawo wa Dragon City.

Mdala wa ku Mayfair: Aphunzitsi, kodi nkhani zanu mumazitola kuti? Dragon City ndi kwina, Plaza ndi kwina. Chomwe mayiwa adziwe n'choti Lachisanu masana masitolo ambiri amatseka anthu apite ku Juma, ndipo Lamlungu asawerengere zogula ku Plaza. Akafika Lachisanu m'mawa monga akunenera Dalaivala, atsala ndi chigawo cha Lachisanu ndi Loweruka lokha. Mwina masiku atatuwo akhala anayi.

Mkamwini wa ku Pretoria: Anayi?? Mdala ndalama yake ndiitenga kuti?

Mnyamata wa Ndirande: Makatoni a ku Park Station alipobe man, ndikusungireni awiri?

Mwana wa ku Nyanja: Achimwene, popeza akuchokera ku Mangochi, sangandinyamulireko kausipa ngakhale ka m'jumbo? Ndidzabweza.

Mayi wa Geni: Inenso ufa woyera pang'ono ndi chambiko cha thobwa... aaa iyayi, chimera chokha basi.

Admin: Gulu lino si la makatundu.

Mkamwini wa ku Pretoria: Abale dikirani kaye. Madamu angondiimbira kumene. Akuti amayi sakubwera okha, atengana ndi anzawo awiri a ku banki m'khonde, ndipo awauza kale kuti za pogona mkamwini wakonza.

Dalaivala: 😂😂😂

Sisi Woyala Mabedi: Musalire. Funsani chipinda cha banja, cha mabedi atatu, chimatsika mtengo kusiyana ndi ziwiri. Koma matiresi muyang'ane onse atatu.

Watsopano: Pepani, ndiye za ntchito zija mwati Lolemba nthawi yanji?