Masipeya a Peugeot 404 ya 1967, ndiyang'ane kuti abale?

Mdzukulu_Zomba

Moni nonse. Ndili ndi Peugeot 404 ya 1967, saluni osati pikapu, inali ya malemu agogo anga ndipo yakhala pa njerwa mu shedi kumudzi zaka 11 nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Chaka chatha ndinaikoka kubwera nayo kuno, tinatsuka thanki, batire ndi mapulagi zatsopano, kabuleta ija ya Solex tinaiviika usiku wonse, mmawa inalira ine mpaka misozi. Koma ndi kulira kokhako. Ikangoyenda pang'ono yatentha, wota pampu ikudontha, buleki ukaponda phazi limangofika pansi, labala ya windisikilini inauma gwa ukaigwira ikungoyoyoka. Ndazungulira mashopu ku Limbe, anyamata ogulitsa ukati 404 akumafunsa kuti ndi Toyota yanji imeneyo. Makanika wanga akuti tingochotsa injiniyo tiikemo ya Toyota nkhani ithe koma ine mtima ukukana. Alipo akudziwa kopeza zinthu zimenezi?

MadalaWaGalaji

Mwana wanga, choyamba musataye kanthu kalikonse kamene mwamasula pa galimotoyo, ngakhale kooneka kotheratu. Wota pampu ya 404 siitayidwa, imamasulidwa, mkati muli mabering'i ndi siilo basi, pitani nazo m'manja kwa ogulitsa mabering'i akayeze, iwo amaona nambala ndi saizi, dzina la galimoto alibe nalo ntchito. Masilinda a buleki chimodzimodzi, ngati dzimbiri sinadye kwambiri mkati amapalidwa n'kuikamo malabala atsopano a saizi yomweyo, ikakhala kuti yadya a makina osemera zitsulo (lefe) amaboola n'kuikamo silivi. Mapaipi a labala a buleki okha sinthani onse, amenewo musachite nawo chibwana, Zomba ndi wa zitunda.

Za kutenthazo musathamangire kunena kuti gasiketi yapsa. Galimoto imeneyi fani yake sizungulira nthawi zonse, ili ndi klatchi ya magineti imene imagwira injini ikatentha, ndiye pali ka swichi ndi ka kaboni kamene kamapereka moto. Zaka 11 chiimire, ka kaboni kameneko kamakhala kanamatirira kapena kanatha. Ambiri kale ankangoimanga fani kuti izizungulira osaima, zimatheka ndithu. Ladiyeta yake ndi ya mkuwa, anyamata a ku Ndirande amaitsegula kuitsuka kuiwotcherera bwinobwino, osati zapulasitiki zamasiku anozi.

Tsono ichi mumvetsetse, chifukwa ndinaona ndi maso anga dif, bokosi la magiya lozunguza matayala akumbuyo lija, ikuphedwa ndi munthu wofuna kuthandiza. Dif ya saluni si ngati ya galimoto zina, ndi ya wemu, muli chitsulo chopota chimene chimazunguza gudumu la bulonzi. Mukathiramo giya oilo wamba uja wolembedwa EP (extreme pressure) amadya bulonziyo pang'onopang'ono, tsiku lina mukamatsitsa oilo mudzaona akunyezimira ngati golide ndiye kuti gudumu lapita, ndipo limenelo ndiye simungalipeze pa shopu iliyonse. Makanika wanuyo muuzeni asaikhudze kaye.

Chiko_Biwi

Madala anena zoona koma tiyeni tinenenso chilungamo, makanika wanu sakulakwa kwenikweni. Zimatengera mukuifunira chani. Ngati ndi yopitira ku ntchito daily ikani ya Toyota mupume, ngati ndi yosunga chikumbutso cha agogo ndiye musayerekeze, mukangodula ma mounting mtengo wake wagwa ndipo simudzaibwezanso mwakale.

Ine njira yanga ndi yogula ina yakufa. Ma 404 pikapu analipo ambiri m'dziko muno, kuma esiteti a fodya, kuma mishoni, ena anathera pa matola, mpaka pano mukayenda ku Kasungu kapena ku Mchinji mumaona ili kuseli kwa nyumba udzu utamera mkati. Mwini wake amakuuzani mtengo wa kumwamba tsiku loyamba, pitaniko kachitatu. Injini ya petulo ndi banja lomwelo la 1618 cc, magalasi akutsogolo, zitseko zakutsogolo, mageji, zonsezo mumapeza. Kumbuyo kokha ndi kosiyana, pikapu ili ndi masipuling'i a mapale pomwe yanuyo ndi makoilo. Zina za 504 zimalowanso makamaka za injini koma osagula mwachimbulimbuli, tengani chakale mukafanizire.

NaBanda_Leicester

Achimwene ine bambo a kunyumba kuno ali ndi matenda omwewa, yawo ndi 504, ndiye ndaphunzira mokakamizidwa kkkk. Chinsinsi ndi kusaka mu Chifalansa. Pa eBay kapena Leboncoin, webusaiti ya malonda ya ku France, lembani pompe à eau 404 ndiye wota pampu, joint de culasse ndiye hedi gasiketi, cylindre de roue ndi silinda ya buleki, joint de pare-brise ndi labala ya windisikilini yanu ija, mudzadabwa kuchuluka kwake, zina zatsopano zopangidwanso. A Peugeot eni ake ali ndi nthambi yosamala galimoto zakale, L'Aventure Peugeot ku Sochaux ku France, amagulitsa zina. Koma samalani, za ku France zambiri ndi za left hand, ndiye stiyaring'i laki ndi magetsi akutsogolo sizingagwirizane ndi yanu. Ndipo musanaitanitse jambulani ka pleti ka nambala ya chasisi mu boneti, 404 inasinthasintha pakati pa 1960 ndi 1975 makamaka mabuleki, zoyamba ndi za dramu zomaliza zili ndi ma disiki kutsogolo.

Kufupi ndi kwanuko yesani Kenya. Kumeneko anapitiriza kumanga 404 mpaka 1991, anthu amaikonda chifukwa inapambana mpikisano wa magalimoto wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndiye ku Nairobi cha ku Kirinyaga Road mashopu akale sangakufunseni kuti ndi Toyota yanji. Zing'onozing'ono monga mapointi, kondensa ndi kiti ya kabuleta mutha kundiuza, tikubwera pa Khirisimasi zimakwana mu chikwama. Zolemera ayi chonde, postage plus duty mungalire.

Mdzukulu_Zomba

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Chiko, ya ntchito ndili nayo ka Vitz, iyi ndi ya Lamulungu basi ndiye Toyota ayi. Asisi a ku Leicester ndikulemberani ku inbox, pleti ndajambula kale. Koma madala mwandiopsa, makanika anathira kale oilo mu dif mwezi watha, ndamuimbira pompano akuti ndi giya oilo wamba wa 85W-140 yemwe amathira mu ma Hilux. Chithirireni yayenda mwina makilomita 30 okha. Ndiye kuti ndaipha?

MadalaWaGalaji

Makilomita 30 sinafe. Musayendenso nayo, tsitsani oiloyo mawa mu beseni loyera mukamuone pa dzuwa, mundijambulire. Kale tinkathiramo oilo wa nsatsi wopangidwira dif imeneyi, ameneyo sasakanizidwa ndi wina, ndiye mwina muli kale phala mkatimo, ifunika kutsuka kawiri musanathire woyenera bulonzi. Matayala musavutike, 165 R15 ndi saizi yomweyo ya Volkswagen Beetle. Loweruka ndili ku Chinamwali ku chinkhoswe cha mdzukulu wanga, ndidutsa ndi spanala zanga ndidzaimve kulira kwake, mungokonza tiyi.