Ndikatuluka m'chimbudzi ndimamva kuti sindinamalize: a njira ya Blantyre mumatani?

Wa Freightliner: Akuluakulu, nkhani yake ndi yamanyazi koma ndaona kuti ndifunse kuno kwa anzanga apamsewu. Chiyambire kuyenda njira ya Johannesburg mpaka Blantyre, m'mimba mwanga mwaima. Ndikanyamuka ku City Deep, komwe timapakira katundu ku Johannesburg, ndimatha kukafika ku Nyamapanda, pamalire a Zimbabwe ndi Mozambique, osapitako kuchimbudzi. Tsiku loti ndapita ndimatchima mpaka thukuta, zotuluka zake timibulu touma ngati ta mbuzi, ndipo ndikadzuka ndimamva kuti china chatsalira. Ndikangokhala pachiwongolero ndimafunanso, ndikabwererako palibe kanthu. Maganizo onse amakhala kumimba m'malo moyang'ana msewu. Inu mumatani?

Mdala wa ku Zobue: Manyazi a chiyani achimwene, theka la gulu lino likudwala zomwezo, kungoti sakuyankhula. Tandiuzani kaye: madzi mumamwa ochuluka bwanji patsiku? Mumadya chiyani? Nanga ikakupezani muli pamzere ku Beitbridge mumapita kapena mumaigwira?

Wa Freightliner: Madzi ndimachita kuwapewa, mdala. Ndikaima pang'ono a ku ofesi amaimba foni kufunsa chifukwa chomwe tracker yaimira. Ndimadalira khofi ndi zakumwa zochotsa tulo. Kudya ndi buledi woyera, magwinya (mandasi a ku South Africa), papa (nsima yawo) ndi nyama. Pamzere ndimaigwira ndithu, ukachoka anzako amasuntha, komanso ungapeze mabatire atapita.

Mdala wa ku Zobue: Basi mwadziyankha nokha.

Kamnyamata ka Tautliner: Amwene gulani botolo la mankhwala otsuka m'mimba aja amagulitsa pa renki. Kapu imodzi, zonse phwaa.

Wa Tanker: Ayi ayi, musawanamize. Ine ndinamwa amenewo usiku, m'mawa n'kunyamuka. Zinandiyamba nditangodutsa toll ya Kranskop pa N1, poti pamene paja palibe poima pabwino ndi katundu wamafuta. Ndinakafika ku Polokwane miyendo ikunjenjemera, pakamwa pouma gwa. Ndipo sabata yotsatira ndinadzimbidwa kuposa kale. Za m'mabotolo zija simudziwa zomwe aikamo, zina zimawononga impso.

HSA Wakale: Ndiloleni ndiikepo mlomo, poti ndisanayambe za malole ndinagwirako ntchito yazaumoyo kumudzi. Si ine dokotala, koma izi tinkaphunzitsa.

Ntchito ya matumbo aakulu ndi kuyamwa madzi m'zotsalira za chakudya. Chimbudzi chikakhalitsa m'menemo chimapitirira kuuma. Ndiye inu achimwene mukuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi: simukumwa madzi, komanso thupi likakuitanani mukulikaniza. Mukalikaniza kawirikawiri limasiya kuitana mwamphamvu, kumunsi kuja kumazolowera kukhala kodzaza. Onjezerani kutentha kwa ku Musina ndi ku Tete komwe madzi amathera m'thukuta, ndi kukhala pampando tsiku lonse matumbo osagwedezeka.

Kusapita tsiku lililonse pakokha si matenda. Achipatala amati kuyambira katatu patsiku mpaka katatu pasabata zili bwino, bola zikhale zofewa zotuluka mosavuta. Vuto lanu ndi kuuma, kutchima, ndi kumva kuti zatsalira.

Za kutsalirazo zimabwera m'njira zingapo. Nthawi zambiri zimakhala zatsaladi, timibulu tina tatuluka tina takanirira. Nthawi zina palibe chatsala, koma kutchima kwatupitsa mitsempha ya kumunsi, matenda a mudzi aja, ndiye chotupacho thupi limachimva ngati chimbudzi. Munthu amabwerera kukatchimanso, kutupa n'kumawonjezeka, kumvako n'kumakulanso. Palinso ena amene potchima minofu yawo ya kumunsi imamanga m'malo momasuka, ndiye akukankha chitseko chomwe achitseka okha. Chifukwa chake langizo langa loyamba ndi ili: mukakhala mphindi zisanu, zikachuluka khumi, palibe chikuchitika, dzukani muzipita. Foni isiyeni m'galimoto.

Wa Tanker: Za foni mwalasa. Ena amamaliza Facebook yonse ali m'menemo, ife tili panja tikudikira.

Mdala wa ku Zobue: Ine chimene chinandithandiza ndi nthawi. Ndinasiya kudikira kuti indipeze pamsewu. Kulikonse komwe ndagona, ndimadzuka kukadali ola lathunthu ndisanalize injini. Ndimamwa madzi ofunda makapu awiri, ndiphike phala pa kagasi kanga, ndidye, kenako ndizungulire lole kangapo ndikugogoda matayala ndi kuona malamba. Pomaliza zimenezo thupi limakhala laitana lokha. Ndimapita chimbudzi chili pafupi, galimoto ili pamalo otetezeka, palibe wondiimbira foni.

HSA Wakale: Mdala akunena zoona ndipo pali chifukwa chake. Chakudya chikalowa m'chifu, matumbo aakulu amayamba kukankha, makamaka m'mawa, mkati mwa theka la ola munthu atadya. Ambiri a ife timataya mpata umenewo chifukwa timadzuka n'kuliza galimoto m'mimba mulibe kanthu, kudzadya magwinya tili kale pa 80.

China ndi kakhalidwe. Chimbudzi chokumba cha kumudzi chija timanyonyomala, ndipo njira ya kumunsi imawongoka. Pa chokhalira cha kuno ku South Africa imakhala yopindika. Pezani choti mupondepo kuti mawondo akwere kuposa chiuno, kachitini ka penti kopanda kanthu kapena kathabwa, muweramire kutsogolo zigongono pamawondo. Musamagwire mpweya. Pumani, mimba itukuke kutsogolo. Ku Zimbabwe ndi ku Mozambique mukapeza chonyonyomala musachinyoze.

Mayi wa Rigid: Abambo inu mukuiwala kudya. Ufa wa m'masitolo kuno ndi woyera mbee, gaga yense anachotsa. Kwathu ngakhale tidye nsima ya ufa woyera pamakhala nkhwani, bonongwe, therere, nyemba, ndiye zimayenda. Kuno mbale ndi papa, nyama, supu, basi. Ine ndimayenda zapafupi, Durban ndi kubwerera, koma m'kabati mwanga simusowa oats, nyemba zam'chitini, mtedza ndi maapozi. Buledi ndinasintha ndimagula wabulauni. Pogula mbale ndimauza mayi wogulitsayo kuti achepetse papa awonjezere kabichi kapena morogo, ndiwo zamasamba za kuno. Inu a njira ya kumudzi muli ndi mwayi, mapapaya ndi mapeyala mumawadutsa m'njira, mgaiwa mukhoza kugayitsa ku Mwanza. M'masitolo a mankhwala a Dis-Chem ndi Clicks mulinso zipatso zouma zotchedwa prunes, atatu anayi madzulo amafewetsa bwino.

Kamnyamata ka Tautliner: Nyemba mu cab mayi? Wothandizira wanga athawa.

Mayi wa Rigid: Tsegula windo, mwana iwe. Uyambe pang'onopang'ono, mimba imazolowera pakatha sabata ziwiri kapena zitatu.

HSA Wakale: Zimene akunena mayiwa ndi fiber, zakudya zamakoko ndi zamasamba zomwe sizigayika zonse. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 patsiku, ndipo kapu imodzi ya nyemba zophika imapereka pafupifupi theka la zimenezo. Koma chenjezo: mukawonjezera zimenezi madzi osamwa, mimba imangofufuma zinthu n'kuipiraipira. Malita awiri patsiku, kotentha kuposa apo. Muziona mkodzo, ukakhala wachikasu chodera ndiye kuti madzi achepa.

Achimwene a Freightliner, pali mapiritsi amene mukumwa masiku ano?

Wa Freightliner: A msana okha. Ndimagula ku pharmacy, aja amakulemba dzina m'buku asanakupatse.

HSA Wakale: Werengani pabokosi. Akakhala ndi codeine, ameneyo ndi mmodzi mwa akuluakulu oyambitsa kudzimbidwa, amachedwetsa matumbo. Amabweretsanso tulo, zomwe pa ntchito yathu ndi nkhani ina yoopsa. Mapiritsi owonjezera magazi a iron nawonso amaumitsa, chimodzimodzi ena a BP ndi ena a kutentha pamtima. A BP musasiye nokha, kafunseni akusinthireni.

Mukafuna mankhwala ofewetsa, funsani wa pharmacy, ndipo mumuuze kuti mumayendetsa lole. Alipo amitundu iwiri amene muyenera kuwasiyanitsa. Lactulose ndi macrogol, ija amati Movicol, amakokera madzi m'chimbudzi kuti chifewe, amagwira modekha pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Senna ndi bisacodyl, monga Senokot ndi Dulcolax, amafinya matumbo, amagwira pakatha maola 6 mpaka 12, nthawi zina ndi kupotokola. Achiwiriwa musamwe usiku woti mawa mukunyamuka, imwani muli pa depot kapena kunyumba, ndipo asakhale a tsiku ndi tsiku popanda dokotala kudziwa.

Wa Tanker: Za ku ofesi nazo zili ndi njira yake. Ine ndisananyamuke ndimatumiza uthenga kwa controller: ndiima pakuti ndi pakuti, mphindi 15, kuona matayala ndi katundu. Akadziwiratu saimba. Kuima pakatha maola awiri aliwonse ndi zomwe amatiphunzitsa okha pa nkhani ya kutopa, ndiye sangakukanize. Pamzere wa pa border gwirizanani ndi wakumbuyo kwanu, iye ayang'ane yanu, kenako inu muyang'ane yake. Ngakhale si Mmalawi, nayenso ali ndi mimba.

Wa Freightliner: Ndayang'ana bokosi, codeine alimodi. Koma pali china sindinanene. Masiku ena papepala pamaoneka magazi pang'ono, ofiira.

HSA Wakale: Chimenecho ndiye munayenera kuyambira. Muli ndi zaka zingati, ndipo thupi latsika?

Wa Freightliner: 52. Lamba ndabwezako bowo limodzi, koma ndimaganiza kuti ndi kusadya bwino.

HSA Wakale: Mwina ndi mudzi kapena kachilonda kong'ambika ndi chimbudzi cholimba, zimenezo ndi zofala kwambiri. Koma munthu wopitirira zaka 50, kapitidwe kakuchimbudzi kasintha, akumva kutsalira nthawi zonse, magazi akuoneka, thupi likutsika, ameneyo sitimuthandiza pa gulu. Zizindikiro zomwezo zimabweranso ndi khansa ya m'matumbo, ndipo ikapezeka msanga nthawi zambiri imachizika. Pitani ku kiliniki ya kufupi ndi komwe mumakhala, mukanene zonse zinayi mosabisa. Akakupimani ndi chala, mphindi imodzi yokha, mwina ndi magazi, ndipo akaona kuti m'pofunika akulemberani kalata ya ku chipatala chachikulu monga Helen Joseph kapena Charlotte Maxeke kuti akaone mkati ndi kamera. Zamadzi, phala ndi kachitini yambani lero, koma zisalowe m'malo mwa ulendo umenewu. Ndipo mimba ikadzatupa n'kumapweteka kwambiri, mukusanza, mpweya osatuluka, kapena chimbudzi chikadzakhala chakuda bii, kumeneko ndi ku casualty nthawi yomweyo, kaya muli ku Masvingo kaya ku Tete.

Wa Freightliner: Ndamva akulu. Vuto ndi loti Lolemba ndikupakira katundu wa ku Limbe.

Mdala wa ku Zobue: Kupakira ku City Deep sikuyamba m'mawa, nonse mukudziwa. Kafikeni pa kiliniki 6 koloko, mutenge pasipoti ndi bokosi la mapiritsi a msanawo akaone. Akakupatsani tsiku lobwerera, auzeni a ku ofesi nthawi yomweyo akuikeni pa maulendo apafupi sabata imeneyo. Mukachedwa pamzere ndiimbireni, ndili off Lolemba, ndikakuimirani pa geti ndi mapepala.