Atsala masabata 6 kuti ndilembe mayeso a laisensi ya ejenti wogulitsa nyumba ndi malo, ndigawe bwanji nthawi?

Wokonzekera mayeso:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Masana ndimathandiza abwana kuonetsa makasitomala nyumba ndi mapuloti, ndiye ndimawerenga usiku. Ndikangotsegula buku foni yalira, uyu akufuna kuona nyumba mawa, uyo akufunsa za lendi. Dzulo ndinadzidzimuka pakati pa usiku tsaya lili pa buku, nyale ili chiyakire. Buku ndafika nalo pakati koma zoyambirira zija zauluka kale m'mutu.

Mayi wokhalitsa pantchitoyi:
Achimwene, madzulo si anu, ndi a makasitomala, chifukwa anthu amaimba akaweruka kuntchito kwawo. Musalimbane nawo. Nthawi yanu ndi mbandakucha. Ola limodzi tsiku lililonse, foni ili chipinda china, limaposa maola anayi a usiku mukusinza. Komanso lekani kuwerenga bukulo ngati nthano yoti mumve mathero ake. Loweruka lino tengani mafunso oyeserera, mudziikire nthawi yofanana ndi ya mayeso enieni, muyankhe osasuzumira m'buku. Mukachonga, lembani mitu imene mwagwa. Mituyo ndi imene idye masabata anayi oyambirira.

Wokonzekera mayeso:
Zikomo amayi. Ndikudziwa kale pamene ndigwe, ndi pa masamu. Ndimangowadumpha.

Wowerengera mitengo ya nyumba:
Ndiye musawadumphenso bwana, chifukwa masamu ake ndi omweomwewo, amangosintha manambala. Komishoni, chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba, kugawa lendi kapena msonkho pakati pa wogula ndi wogulitsa malinga ndi masiku, ndi kukula kwa malo. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, ekala ndi pafupifupi 4,047, choncho hekitala ndi maekala pafupifupi 2.47. Funso limene limakola anthu ambiri ndi ili: wogulitsa akufuna kutsala ndi ndalama zakutizakuti atalipira komishoni ya 5 pa 100 iliyonse, nyumba igulitsidwe zingati? Ambiri amangowonjezera 5 peresenti pamwamba, n'kulakwa. Gawani ndalamazo ndi 0.95, popeza komishoni imachoka pa mtengo wogulitsira, ndiye wogulitsa amatsala ndi 95 pa 100 iliyonse. Chitani mafunso asanu otere m'mawa uliwonse musanakhudze china, ndi pensulo, osangowayang'ana n'kumati ndamva. Mufufuzenso msanga ngati kakyuleta imaloledwa m'chipinda cha mayeso, ndipo yamtundu wanji.

Mayi wokhalitsa pantchitoyi:
Zoona. Ine chimene chinandigwetsa ulendo woyamba sichinali masamu ayi, koma kudalira zimene ndinkaona kuofesi. Mayeso safunsa mmene abwana anu amachitira, amafunsa zimene lamulo likunena. Udindo wa ejenti kwa amene wamutuma, kuulula chilema cha nyumba chimene ukuchidziwa, kusunga ndalama za kasitomala padera osazisakaniza ndi zako, zimene zimapangitsa mgwirizano kukhala ndi mphamvu mwalamulo, kusiyana kwa freehold (umwini wa malo wopanda malire a nthawi) ndi leasehold (malo obwereka kwa zaka zoikika). Ndinkayankha mwachizolowezi, ndili ndi chikhulupiriro chonse, kumeneko n'kumene ndinataya malikisi. Ulendo wachiwiri ndinalemba mawu ovutawo pa timakadi, tanthauzo kuseri. Podikira kasitomala pageti, m'malo mosewera ndi foni, ndinkatulutsa timakadito m'chikwama.

Wowerengera mitengo ya nyumba:
Pa timakadipo muikeponso njira zitatu zopezera mtengo wa nyumba: kuyerekeza ndi zofanana nazo zimene zagulitsidwa posachedwa, kuwerengera ndalama zomangira ina ngati yomweyo, ndi kuona ndalama zimene imabweretsa. Mudziwe njira iti ikuyenera nyumba yotani. Mutu uliwonse muubwerezenso pakapita masiku atatu, kenako pakatha sabata, apo ayi uulukanso ngati zoyambirira zija.

Wokonzekera mayeso:
Nanga masabata awiri omaliza?

Mayi wokhalitsa pantchitoyi:
Musayambe mutu watsopano. Mayeso oyeserera athunthu basi, n'kumabwerera pamene mwalakwa. Ndipo abwana anuwo muwauze lero tsiku la mayeso, akupatseni masiku awiri opuma, musadzawadzidzimutse.

Wokonzekera mayeso:
Ndawalembera kale uthenga. Alamu ndaitchera 4:30, Loweruka ndidzakuuzani mmene ndakhozera.