PS4 ya kaunjika yochitira geni ku Kamuzu Road: tigule kapena tiileke?

Madalitso:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali PS4 (PlayStation 4, makina osewerera magemu pa TV) yakale ija yaikulu, ya 500GB, ikugulitsidwa pamodzi ndi mapadi awiri komanso magemu khumi amkati. Akuti yangofika kumene kuchokera ku Joni. Cholinga n'choti iikidwe m'kachipinda cha ku Kamuzu Road ku Salima, anyamata azisewera mpira molipira. Ndi yoyenera kutayirapo ndalama, kapena tingopirira mpaka ya PS5 idzakwane?

Che Saidi:
Achimwene, musanafike pa mtengo yambani mwawerenga nambala imene ili pa kapepala komatidwa kumbuyo kwake. Imayamba ndi CUH. Ikakhala CUH-10 kapena CUH-11 ndi manambala ena awiri, imeneyo ndi ya gulu loyamba, za 2013 ndi 2014. Zimadya magetsi kwambiri, fani yake imalira ngati chigayo, ndipo mabatani ake ndi ongokhudza. Batani lotulutsira disiki lija limavuta kukatentha: kamphira kamene kali pansi pake kamafufuma, makina n'kumalavula disiki okha gemu ili mkati. CUH-12 ndi ya 2015, mabatani ake ndi odina ndipo imazizirako. CUH-20, 21 ndi 22 ndiye Slim, zopyapyala zija, zinayamba mu 2016. Pa geni, kuno kunyanja, ine ndingavomereze Slim kapena CUH-12 basi.

Madalitso:
Andiwerengera pafoni. CUH-1116A.

Che Saidi:
Ndiye yadutsa zaka khumi imeneyo. Ikagulidwe pa mtengo wa nkhalamba.

Nachisale:
Ine ndikuti ilekeni. Ganizirani Okutobala ndi Novembala kuno ku Salima, kachipinda ka malata kopanda siling'i, anyamata khumi ndi asanu atadzazana, zenera limodzi. Makinawa amakoka mpweya m'timabowo ta m'mbali, fani n'kuukankha kudutsa m'tizitsulo topyapyala tozizitsa purosesa, n'kutulukira kumbuyo. Fumbi la mumsewu limakamatirira pakhomo pa tizitsulo timeneti mpaka kukhala ngati bulangeti. Mpweya ukasowa podutsa fani imathamanga mpaka mapeto, kenako pa TV pamabwera uthenga woti PS4 yatentha kwambiri, nyali n'kufiira, n'kuzima. Gemu ikaduka pakati, wolipira uja akufuna ndalama yake, ndipo amene amagonja ndi amene amakuwa kwambiri.

Yamikani:
Achemwali, zimenezo ndi matenda ochizika, si chifukwa chothawira. Pa yaikuluyo pamafunika sikuludiraiva ya nyenyezi yokhala ndi kabowo pakati, T9 kapena T8, chifukwa masikuluwu akumbuyo ali ndi kamsomali pakati ndipo abisika pansi pa timapepala. Mukatsegula, gwirani fani ndi chala isazungulire pamene mukuuzira ndi bulowa, mukaisiya izipota yokha mumawononga mabering'i. Koma kupukuta fani yokha n'kunamiza maso. Fumbi lenileni lili kuseri, pa tizitsulo tija, ndipo kuti mufikepo pafunika kuchotsa pawa sapulaya, chowerengera disiki ndi bodi yonse. Mwafika pamenepo, sinthiranitu thermal paste, phala lopaka pa purosesa lothandiza kuchotsa kutentha: pukutani wakale wouma uja ndi spiriti wa isopropyl, ikani kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pakati pa purosesa. Spiriti wa pepo wa m'golosale ayi, amasiya utoto. Masikuluwu awiri a kachitsulo kopanikiza purosesa mumange mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uku. Ntchito yonse ndi ola limodzi ndi theka kwa munthu wodziwa. Kuno muzichita kawiri pachaka, kamodzi mwera ukatha, kamodzi mvula ikatha.

Che Saidi:
Wonjezeranipo mphemvu. Pawa sapulaya ya PS4 ndi yofunda, ya mdima, mabowo ake ndi aakulu. Mphemvu ikalowa n'kugunda mbali ziwiri za bodi, imapsa pomwepo ndipo pawa sapulaya imapita nayo. Chizindikiro chake: mukadina, imalira kamodzi n'kuzima, kapena kungoti zii. Musamaike pansi kapena mkati mwa kabati. Ikhale pa shelefu yoonekera, kumbuyo kukhale mpata wokwana chikhatho, ndipo zitumbuwa ndi mandasi zizidyedwera panja. A ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, nkhungu zikatuluka m'nyanja madzulo zimathamangira kuwala kwa TV, fani n'kumazimeza. Ikani neti pazenera.

Gift wa ku Dwangwa:
Nonse mukukamba kutentha, koma chimene chimapha makinawa msanga ndi magetsi. Mkati mwake muli hadi disiki wamba ya laputopu, ya mainchesi 2.5, yozungulira. Magetsi akathima ikulemba, mafayilo amaduka. Poyatsanso imayamba yafufuza disiki, ndipo zikachitika kawirikawiri magemu amayamba kudzitseka okha ndi nambala CE-34878-0. Choyamba kuyesa ndi Safe Mode: izimitseni, gwirani batani loyatsira mpaka ilire kachiwiri, pafupifupi masekondi 7, lumikizani padi ndi chingwe, sankhani nambala 5, Rebuild Database. Zikakanika, mwina disikiyo yatha.

Ndiye pa bajeti ikanipo zinthu ziwiri. TV guard yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, komanso UPS ya 650VA. UPS imeneyi batire lake ndi la 7Ah, si yosewerera, ndi yongokupatsani mphindi zochepa kuti muzimitse bwino. Nthawi ya ziphaliwali zulani zonse pakhoma, ndi chingwe cha HDMI chomwe ngati TV yalumikizidwa ku dishi kapena mlongoti.

Madalitso:
Nanga pa sola? Pali batire la 100Ah.

Gift wa ku Dwangwa:
Tiwerengere. 12V kuchulukitsa ndi 100Ah ndi 1,200Wh. Batire la asidi simulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna lidutse chaka, ndiye mwatsala ndi 600. Inveta idyapo zake, mutsale ndi 500 ndi pang'ono. Slim posewera imakoka mawatsi 80 mpaka 90, TV ya LED ya mainchesi 32 pafupifupi 45, zonse 130. Amenewo ndi maola anayi. Yanu ya CUH-11 imakoka cha m'ma 140 payokha, ndi TV 185, simufika maola atatu. Ola limenelo ndi magemu anayi otayika tsiku lililonse magetsi akathima. Ndipo inveta ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija zimaliza pawa sapulaya ngati njuchi n'kuitenthetsa.

Nachisale:
Mwamva? UPS, guard, neti, paste, wokonza. Mtengo umene akutchula wogulitsa uja ndi chikole chabe, malowolo akubwera.

Yamikani:
Haha, koma achemwali PS5 nayonso ifuna UPS ndi guard yomweyo, ndipo imakoka cha m'ma 200W pa magemu ake. Funso n'lakuti anyamata amalipira kuti asewere chiyani. Ndi mpira. FIFA 23 ilipo pa PS4, EA Sports FC 24 ilipo, FC 25 ilipo. PES 2021 anthu akuikondabe. Pa ndewu pali Mortal Kombat 11 ndi Tekken 7. Pa TV ya mainchesi 32 mutakhala mamita awiri, ndani angakuuzeni kuti udzu wa m'bwalo wachepa? Ndalama ya PS5 imodzi imakugulirani ma PS4 oposa amodzi, ndipo pa geni iyi chimalowetsa ndalama ndi kuchuluka kwa mipando, osati kukongola kwa chithunzi.

Nachisale:
Mpira wokhawo, inde. Koma Tekken 8 kulibe pa PS4, Mortal Kombat 1 ya 2023 kulibe, GTA VI analengeza kuti ndi ya PS5 ndi Xbox Series basi. Tsiku limene wina adzaike PS5 tsidya lina la msewu, anyamata a sekondale onse adzasamukira kumeneko.

Yamikani:
Adzasamuka, adzapeza mzere wa anthu khumi pa makina amodzi ndi mtengo wowirikiza, adzabwerera.

Bambo a Tadala:
Ndalowa mochedwa. Nkhani ya "magemu khumi amkati" palibe waikhudza, koma ndi pamene anthu amalirira. Pali njira ziwiri zimene magemu amakhalira mkati popanda madisiki. Yoyamba, ali pa akaunti ya PSN (ya pa intaneti ya PlayStation) ya munthu wina amene anaika makinawo kukhala Primary PS4 yake. Akaunti imodzi imaloledwa Primary PS4 imodzi yokha. Akadzagulitsa akaunti yomweyo kwa wina n'kuisamutsa, magemu anu onse adzaoneka ndi kaloko, ndipo mulibe kokadandaula. Yachiwiri, makinawo ndi othyoledwa, jailbreak. Zimenezi zimatheka pa mapulogalamu akale ngati 9.00 ndi 11.00. Imafuna kuithyolanso nthawi iliyonse mukayatsa, nthawi zina imakana n'kuzima yokha, pa PSN simulowa, ndipo mwana mmodzi akangovomera update zonse zapita, kubwerera m'mbuyo kulibe. Magemu akenso ndi okopa, si katundu woti muwerengere pa mtengo. Lowani mu Settings, System, System Information muone nambala ya pulogalamu. Kenako funsani funso limodzi: madisiki ali kuti? Disiki ya mpira ya kaunjika ndi yanu mpaka kalekale, ndipo anthu awiri pampando umodzi safuna intaneti.

Madalitso:
Akuti madisiki palibe, zonse ndi zamkati.

Bambo a Tadala:
Ndiye muwerengere ngati makina opanda gemu. Komanso tengani disiki yobwereka mukayesere. Chowerengera disiki cha PS4 chinakwatitsidwa ku bodi yake, chikafa si nkhani ya magemu okha, ngakhale update imatha kukana ndi nambala SU-42118-6. Ndipo musadalire zokopera pa intaneti. Gemu ya mpira imodzi ndi magigabaiti makumi angapo, bandulo ya Airtel kapena TNM yotere mwina mtengo wake uposa wa disiki.

Gift wa ku Dwangwa:
Bwanji kompyuta? Dell OptiPlex kapena HP ya muofesi, i5, RAM 8GB, muikemo khadi ya zithunzi ya GTX 1050 Ti. Khadi imeneyi imakoka 75W ndipo zambiri sizifuna chingwe china cha magetsi. Masana izitayipa ma CV ndi makalata, madzulo mpira.

Che Saidi:
Pa pepala n'zokoma. Koma 1050 Ti ndi 8GB ndiye poyambira penipeni pa FC 24, pansi pa pamenepo sipayenda, ndiye chithunzi muzitsitsa mpaka pansi. Bokosi likakhala lopyapyala lija mufuna khadi ya low profile, yosowa. Gemu ya pa kompyuta imafunanso pulogalamu ya EA ndi intaneti poyamba. Ndiye Windows: mwana mmodzi adina pena, wina alowetsa fulashi ya mavairasi. PS4 mumangoyatsa n'kupereka padi. Mnyamata wolondera shopu safunika satifiketi.

Yamikani:
Tibwere ku mapadi, chifukwa ndi amene amadya phindu mwakachetechete. DualShock 4 yeniyeni nambala yake ndi CUH-ZCT1 kapena ZCT2. Ya ZCT2 ili ndi kamzere kowala pamwamba pa touchpad. Zabodza zadzaza: n'zopepuka, zolemba zakumbuyo zimaoneka zofufutika, L2 ndi R2 zimangodina ngati switchi m'malo molowa pang'onopang'ono, batire silichedwa kutha. Pa mpira chimayamba kufa ndi ndodo ya kumanzere. Mkati mwake muli timapotenshomita tiwiri timene timaperepeseka, wosewera n'kumayenda yekha osamukhudza. Kudontheza isopropyl kumathandiza masabata angapo, mankhwala enieni ndi kusungunula mtovu n'kusintha kachipangizo konseko. Chachiwiri ndi R2, batani lothamangira, kasipuring'i kake kamaduka. Chachitatu ndi kabowo kotchajira ka micro-USB, ana amakoka chingwe chagoli likalowa. Makina amodzi afuna mapadi anayi, awiri m'manja awiri pa tchaji. Poyesa, lowani mu gemu, siyani ndodo zonse, muone ngati wosewera waima.

Nachisale:
Chabwino, werengani nokha. Hafu ya mphindi zisanu, kuphatikiza kusankha matimu ndi kukangana za Real Madrid, gemu imodzi ndi mphindi 15. Pa ola magemu anayi. Maola enieni a geni ndi kuyambira ana akaweruka mpaka cha m'ma 8 usiku, tinene asanu ndi limodzi, magemu 24 tsiku labwino. Chulukitsani ndi mtengo umene anzanu akutchaja pamenepo, chotsani lendi, mnyamata, pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi patsiku, ndi padi imodzi miyezi ingapo iliyonse. Ndipo a yunifolomu nthawi ya sukulu musawalole, makolo ndi amfumu akakutsekerani palibe UPS ingakuthandizeni. Ikakhala Slim ndipo masamu abweza ndalama mvula isanayambe, sinditsutsa. Koma CUH-11 yopanda disiki, ayi.

Madalitso:
Ndiye ndimuuze chiyani mwini wake?

Che Saidi:
Abwere nayo pamalo pali magetsi masana dzuwa likuswa mtengo, osati m'mawa kukuzizira. Muisewere mphindi 40 osapumira, mumvetsere fani. Nyali iyambe buluu n'kusanduka yoyera. Ikangophethira buluu osasintha, bwererani. Gwedezani pang'ono chingwe cha HDMI kumbuyo, chithunzi chikathima kabowoko kathyoka mapini. Onani ngati timapepala ta pa masikuluwu tinang'ambidwa, ndipo mufunse anatsegula ndani, anakonza chiyani. Nunkhizani kumbuyo, fungo la mphemvu silibisika. Airtel Money kapena Mpamba mutumize zonsezi zitatha, osati chikole makina ali m'chikwama.

Yamikani:
Ikapambana mayeso amenewo, mudulepo mtengo wa kutsuka, paste, mapadi awiri ndi disiki ya mpira. Mukafuna kuchotseratu vuto la hadi disiki, SSD (disiki yosazungulira) ya SATA ya mainchesi 2.5 imalowa, sikuluwu imodzi yotulutsira kathireyi ndi zinayi zomangira. Pa fulashi ya FAT32 pangani foda PS4, mkati mwake UPDATE, muikemo fayilo yonse yoikira pulogalamu, PS4UPDATE.PUP, ya pafupifupi 1GB, osati yaing'ono ya update. Safe Mode, nambala 7. Dziwani kuti magemu amkati aja apita nazo.

Madalitso:
Ndamuimbira. Akuti kuyesa mphindi 40 kwachuluka, khumi zikwana, ndipo pali wina wa ku Chipoka akuifuna mawa.

Bambo a Tadala:
Musiyireni wa ku Chipoka. Funsani amene ali ndi Slim, nambala CUH-21 kapena 22.