Mwana wodwala akabwera kusukulu ya mkombaphala amayi ake ali kumunda wa tiyi, tizitani?

Wapampando wa Komiti, Mulanje

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine wapampando wa komiti yoyang'anira sukulu ya mkombaphala m'mudzi wina wa m'dera la Mfumu Yaikulu Mabuka kuno ku Mulanje, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yagawa komiti yathu pakati, moti tikufuna maganizo a anthu odziwa ntchitoyi mvula isanakhazikike.

Ana athu ambiri ndi a amayi amene amathyola tiyi m'minda ya makampani. Kuyambira mu Disembala kufikira cha mu Epulo, pamene masamba amaphuka kwambiri, amayiwa amanyamuka kusanache kwenikweni, ndipo mwana amamupereka kwa mkulu wake wa kupulayimale kuti amusiye kusukulu kwathu podutsa. Nyengo yomweyi ndi imene ana amatsekula m'mimba ndi kudwala malungo kawirikawiri. Choncho zimachitika kuti mlezi akubwera kudzatsekula chitseko amapeza mwana atakhala kale pakhonde, thupi likutentha kapena atadziipitsira, pamene kwawo kuli kotseka ndipo kulibe munthu wamkulu womulandira.

Ena m'komiti akufuna lamulo lakuti mwana wodwala asalandiridwe, chifukwa mmodzi akhoza kupatsira anzake onse, ndipo akukumbutsa za kolera amene adativutitsa mu 2022 ndi 2023. Ena akuti kubweza mwana wazaka zitatu kunyumba kopanda munthu n'chimodzimodzi kumutaya. Alezi athu ndi ongodzipereka, salandira malipiro, ali ndi ana awo kunyumba, ndipo mmodzi ndi woyembekezera. Iwo akufunsa kuti akatenga matenda pantchitoyi adzawasamala ndani. Kodi anzathu mumachita bwanji kuti muteteze mwana wodwalayo, ana enawo ndi alezi pa nthawi imodzi?

Mlangizi wa Zaumoyo Wopuma, Luchenza

A Wapampando, mwafunsa funso lofunika, ndipo yankho langa ndi lakuti mwanayo musamubweze kunyumba kopanda munthu, komanso musamusakanize ndi anzake. Mwana wamng'ono amene akutsekula m'mimba akhoza kutha madzi m'thupi m'maola ochepa, ndipo akakhala yekha m'nyumba palibe amene angaone kuti wayamba kufooka. Kusukulu kwanu kuli maso a anthu akuluakulu, ndipo maso amenewo ndiwo angamupulumutse.

Patulani malo, ngakhale pakhonde kapena pakona pamene pamapita mphepo, muikepo mphasa yake yokhala ndi pepala la pulasitiki pansi, kapu yake, supuni yake ndi ndowa yakeyake. Mwana wotsekula m'mimba ayambe kumwa Thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, nthawi yomweyo osadikira amayi ake. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo mwana amwetsedwe pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Thanzi wotsala asagone kufikira tsiku lina, atayidwe pakatha maola 24. Phala musamumane ngati akufuna kudya. Mapiritsi a zinki, amene mwana amamwa kwa masiku 10 mpaka 14, akalandire kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala.

Chimene ndikufuna kuti alezi onse achidziwe pamtima ndi zizindikiro zoopsa, chifukwa zikaoneka palibenso zodikira kholo kuti liweruke kumunda. Mwana akamalephera kumwa, akamasanza chilichonse chimene wamwa, akakomoka kapena kuchita linjirinjiri, akalefuka kwambiri moti akuvuta kudzutsa, akamapuma mobanika nthiti zikulowa mkati, kapena chimbudzi chake chikakhala ndi magazi, athamangitsiridwe kuchipatala pa kabaza kapena pa chilichonse chimene chapezeka. Maso olowa mkati ndi khungu la pamimba limene mukalitsina limachedwa kubwerera ndi umboni wakuti madzi atha kwambiri m'thupi. Chimbudzi chikakhala chamadzi okhaokha, choyererako ngati madzi otsukira mpunga, ganizirani kolera, mudziwitse mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu tsiku lomwelo, ndipo mwanayo azimwa Thanzi m'njira yonse yopita kuchipatala. Mliri umene mwautchula udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 ndipo udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ambiri a iwo chifukwa chofika mochedwa kumene kuli chithandizo.

Za kutentha thupi ndinene mwachidule. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, choncho mwana ayezedwe magazi pasanathe maola 24, ndipo mankhwala a malungo a LA aperekedwe pokhapokha zotsatira zitaonetsa malungo. M'madera akutali ndi chipatala alangizi ena a zaumoyo ali ndi chipatala cha m'mudzi chothandiza ana osakwana zaka 5, ndipo komiti yanu iyenera kudziwa masiku amene chimatsekulidwa. Malungo sapatsirana pokhudzana kapena podyera limodzi, kotero mwana wamalungo sangaike anzake pachiswe monga mmene angachitire wotsekula m'mimba kapena wa chikuku.

Mlezi wa ku Bvumbwe

Ndathokoza bambo a ku Luchenza chifukwa zimene alemba ndi zoona, koma ndikupempha kuti nkhaniyi ionedwenso kuchokera kumbali ya ife alezi, chifukwa mphasa yapaderayo imafuna munthu wokhala pambali pake. Mlezi mmodzi akakhala ndi mwana wodwala, ana ena onse amatsala m'manja mwa mnzake, ndipo nthawi imeneyi ndi imene wina amazemba kupita kumsewu kapena kuyandikira moto. Makolo akangodziwa kuti kusukulu amasamala odwala, ena amayamba kutumiza dala mwana amene wachezera kusanza usiku wonse, podziwa kuti kujomba tsiku limodzi kumunda ndi kutaya ndalama. Sindikuwaweruza, pakuti umphawi ndi umene umawachititsa zimenezi, koma sukulu ya mkombaphala si chipatala ndipo ife si anamwino.

Chimene chidatithandiza kuno ndi kaundula. Polembetsa mwana, kholo limatchula anthu ena awiri akuluakulu a m'mudzi momwemo amene sapita kutali masana, kaya agogo, azakhali kapena oyandikana nawo nyumba, ndipo anthuwo amabwera okha kudzavomera pamaso pa komiti ndi anyakwawa. Mwana akapezeka kuti akudwala timamupatula monga mmene afotokozera, timamumwetsa Thanzi, koma nthawi yomweyo timatuma uthenga kwa mmodzi wa anthu aja kuti adzamutenge n'kupita naye kuchipatala. Potero mwanayo sakhala yekha, ndiponso sakhala nafe tsiku lonse. Polembetsa pomwepo timaonanso buku la kusikelo kuti tidziwe ngati mwana adamaliza katemera, makamaka wa chikuku amene amaperekedwa kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo amene adaphonya timamuuza mlangizi wa zaumoyo.

Mmawa uliwonse mlezi mmodzi amaima pakhomo kulandira ana, ndipo popereka moni amagwira pamphumi, amayang'ana maso, m'mutu ndi pakati pa zala. Umu ndi mmene timagwirira msanga mphere, chipere ndi matenda a maso ofiira zisanafalikire pamphasa imene ana amagonapo.

Kunena za chitetezo cha alezi, lamulo lathu lalikulu ndi lakuti amene wasambitsa mwana wodziipitsira kapena wapukuta masanzi asagawe phala tsiku limenelo, ngakhale atasamba m'manja chotani. Magolovesi akasowa timavala majumbo aukhondo m'manja, ndipo timachita chimodzimodzi pogwira bala lotuluka magazi la mwana aliyense, popanda kusankha kapena kufunsa za matenda a m'banja mwake. Zovala zoipitsidwa sitichapa ife. Timazimanga m'jumbo n'kupereka kwa mwini mwana. Mlezi amene akutsekula m'mimba apume kunyumba ndipo asayandikire mphika, ndipo amene wakhala akukhosomola kwa masabata awiri akayezetse chifuwa chachikulu, chifukwa amakhala tsiku ndi tsiku m'chipinda chimodzi ndi ana aang'ono. Mayi woyembekezerayo, a Wapampando, musamupatse ntchito yosamala mwana amene watuluka totupa pakhungu thupi likutentha, pakuti matenda ena otero, monga katsabola ndi rubella, akhoza kuvulaza mwana amene ali m'mimba. Ndikupemphanso kuti komiti isamaone ngati ulesi mlezi akapempha kupuma chifukwa cha matenda.

Kholo la ku Muloza

Ine ndine kholo komanso mmisiri womanga, ndipo ndikufuna ndiwonjezere kuti ana ena amene mukuti amabwera akudwala amakhala kuti matendawo adawatengera pasukulu pomwepo dzulo lake. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, zimbudzi zambiri kuno zidagwa kapena kudzaza madzi, ndipo zina zimene zidamangidwa mothamanga pambuyo pake zili ndi mitengo yapansi imene yayamba kale kufumbwa. Mvula isanafike, a Wapampando, pitani nokha mukaponde pansi pa chimbudzi cha ana, muone ngati dothi likutitimira kapena m'mbali mwa dzenje mwang'ambika. Bowo likhale laling'ono loti mwendo wa mwana sungalowe, likhale ndi chivundikiro chokhala ndi chogwirira, ndipo kumbuyo kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi otsika kuchokera kumtunda. Mwana akamaopa bowo lalikulu kapena mdima wa m'chimbudzi amakadzithandiza kuseri kwake, ntchentche n'kuchoka pamenepo kukatera pa phala. Chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake.

Mpondagiya aikidwe pa msinkhu wa ana, wina pakhomo pa chimbudzi ndi wina pafupi ndi podyera, ndipo sopo amangiriridwe ndi chingwe kuti asasowe. Mwambo wosambitsa ana onse m'manja m'beseni limodzi usiyidwe, chifukwa womaliza amasamba litsiro la anzake onse. Madzi a m'mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje amaoneka oyera ndi ozizira bwino, koma amadutsa m'midzi ndi m'minda, choncho akumwa athiridwe kolorini kapena WaterGuard pa mlingo umene mlangizi wa zaumoyo wanena, adikiridwe mphindi 30, ndipo asungidwe mu ndowa yovundikira yokhala ndi mpopi kuti ana asamaviikemo makapu.

Khitchini nayo itchingidwe ndi kampanda. Phala lotentha limamatirira pakhungu ndipo limawotcha kwambiri, kotero mphika usanyamulidwe kudutsa pakati pa ana. Aphike, agawire m'mbale komweko, lizizire pang'ono, kenaka mbale zipite kwa ana atakhala pansi. Wina akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20, osapaka dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, ndipo mupite naye kuchipatala. Mankhwala a anankafumbwe ndi a makoswe asasungidwe m'chipinda chimene muli ufa wa phala kapena pamene ana angafikire.

Wapampando wa Komiti, Mulanje

Ndathokoza nonse. Ndawerengera komiti mayankho anu, ndipo onse agwirizana ndi njira ya kaundula imene mayi a ku Bvumbwe afotokoza, moti anyakwawa avomera kuitanitsa msonkhano wa makolo kuti aliyense atchule anthu ake awiri. Abambo a m'mudzi alonjeza kukonza pansi pa chimbudzi ndi kutchinga khitchini mwezi uno. Tagwirizananso kuti kholo lililonse lizisonkha kangachepe pamwezi kuti tikhale ndi thumba la sopo, Thanzi ndi ndalama ya kabaza.

Patsala mfundo imodzi imene yativuta. Alezi akufunsa ngati angasunge panado kuti azimwetsa mwana wotentha thupi podikira womutenga, komanso akufuna kudziwa kuti mwana amene adatsekula m'mimba abwerere liti kusukulu. Palinso banja lina limene limatumiza mwana akudwala mobwerezabwereza, wosasamba ndi wanjala, ndipo tikalankhula nalo silisintha.

Mlangizi wa Zaumoyo Wopuma, Luchenza

Pa nkhani ya panado ndikulangizani kuti alezi asapereke mankhwala akumwa kupatula Thanzi, chifukwa mlingo wa mwana umatengera kulemera kwake, ndipo mlezi sangadziwe ngati amayi ake adamumwetsa kale m'bandakucha asananyamuke. Podikira womutenga, muvuleni zovala zokhuthala, mumupatse madzi akumwa pafupipafupi ndipo akhale pamthunzi. Mwana amene adatsekula m'mimba kapena kusanza abwerere patatha masiku awiri athunthu chisiyireni, ndipo lamulo lomweli ligwire ntchito kwa alezi ndi amayi ophika phala. Ngati adagwidwa ndi kolera kapena chikuku, tsiku lobwerera anene ndi achipatala.

Za banja lija, musalimbane nalo nokha ndipo mwanayo musamuchotse m'kaundula, chifukwa mwina phala la kusukulu kwanu ndicho chakudya chokhacho chodalirika chimene amalandira. Pemphani mlangizi wa zaumoyo amuyeze mkono ndi kalamba koyezera kunyentchera. Muyeso ukatsika pansi pa masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo ayenera kupita kuchipatala msanga kuti akayambe kulandira chithandizo monga chiponde. Mlezi azilemba m'kope tsiku ndi zimene waona, mopanda kuwonjezera, ndipo nkhaniyo ipite kwa wogwira ntchito yoteteza ana m'dera lanu kapena ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu ku Mulanje, imene ili ndi udindo woyang'anira sukulu za mkombaphala. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 limaika udindo wosamalira mwana pa makolo, ndipo limapatsa mphamvu akuluakulu a boma kulowererapo mwana akamasiyidwa opanda chisamaliro. Mukaona zipsera za kumenyedwa kapena zizindikiro za nkhanza zina, imbani nambala yaulere ya 116 kapena kanenezeni kunthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza tsiku lomwelo, ndipo dzina la mwanayo lisatchulidwe pamsonkhano wa makolo umene mwaitanitsawo.