Anatenga madzi ndi mkodzo wa ana athu, zotsatira zili kuti?

Mayi wa ku Kachulu:
Abale, ndigawireni nzeru. Chaka chatha kunabwera anthu a kafukufuku kwathu kuno, pafupi ndi doko. Anatunga madzi pamjigo ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kenako kusukulu anagawira ana timabotolo toikamo mkodzo, ati akufufuza likodzo. Ndinadinda chala pachikalata mosanyinyirika, poti wanga wachisamba ankakodza magazi nthawi imeneyo. Kuchoka tsiku limenelo, zii. Madzi a pamjigo paja tikungomwa, kaya ndi abwino kaya ayi. Pano amfumu alengeza kuti sabata yamawa kukubwera gulu lina. Tiwalandire? Nanga tiwafunse zotani?

Mlangizi wa zaumoyo, Domasi:
Mayi, choyamba mwanayo musamudikiritse. Pitani naye kuchipatala cha boma akalandire mankhwala a praziquantel, likodzo limachizika. Alendowo aonetse kalata yoti kafukufuku wawo anavomerezedwa, komanso kuti ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba ikudziwa. Kukana ndi ufulu wanu, ngakhale mutadinda kale mutha kusiya. Pamaso pa amfumu atchule mwezi womwe adzabwere ndi zotsatira, mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) alembe m'buku.

Msodzi wa pa chilumba cha Chisi:
Chondiwawa ine n'chakuti amabwera ndi mafunso okonzeratu m'tauni. Ife timatha milungu pa zimbowera, tinyumba toyandama panyanja, pomwera pomwepo, podzithandizira pomwepo. Ndani angatipose kudziwa pamene nkhono zofalitsa likodzo zimachuluka, kapena pamene anthu ankatunga madzi nyanja itaphwa mu 2018? Pa katemera wa kolera mu 2016, wachiwiri anatipatsa kuti tikamwe tokha kunyanja, chifukwa anamvetsa kuti msodzi sangasiye ukonde n'kukaima pamzere. Amenewo anayamba akhala nafe pansi. Enawa atero kodi?

Wophunzira wa ku Chanco:
Musawabweze, amayi. Mtsinje wa Likangala umadutsa m'tauni ya Zomba muno n'kukathira zonse kwanuko, ndiye madziwo ayenera kuyezedwa ndithu. Koma pemphani kuti achinyamata awiri a m'mudzimo aziyenda nawo potunga. Anthu akapanda kuuzidwa bwino, mphekesera zimakula; tisaiwale za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017.

Mayi wa ku Kachulu:
Zikomo nonse. Mwana ndipita naye Lolemba. Za buku ndi achinyamata awiri ndikawauza amfumu madzulo ano, ndipo ndikapempha kuti asodzi aitanidwe nawo kumsonkhano.